Manambala Asanu a Manasseh Harawa

Nkhani imene ikuyenda pa Rumphi masiku ano, kuyambira pa depoti mpaka ku chigayo, ndi yoti a Manasseh Harawa amaona za mawa. Akuti ku Kazuni, pamaso pa anthu mazana awiri, analemba manambala asanu pa kapepala, n'kukapinda kanayi, n'kukapereka kwa mayi wina kuti akamange pa nsonga ya chitenje. Kenako kompyuta inachita maere ake, ndipo manambala amene inalavula anali omwewo, motsatana momwemo. Nkhaniyi pofika pa Bolero, anthu aja anali atakwana chikwi. Pofika pa boma, akuti ngakhale mvuu zinavuuka kudzaonerera, ndipo imodzi inagwedeza mutu movomereza. Ku Henga ndiye inafika itanona: kumeneko akuti kompyutayo sinali yoyatsa n'komwe.

Mphekesera yokoma chotere ikanagwera munthu wina, bwenzi atagula kale tenti ndi zokuzira mawu. Koma inagwera a Manasseh, ndipo inawagwera pa nthawi yoipitsitsa. Lamulungu lomaliza la Julayi anayenera kusanjikidwa manja kuti akhale mkulu wa mpingo, n'kukakhala pa benchi yomwe bambo awo, malemu a Willie Harawa, anakhalapo zaka makumi atatu mpaka thabwa linatengera maonekedwe awo. Suti inali itasokedwa. Mayi awo anali atauza kale abale onse mpaka ku Chitipa ndi ku Joni. Tsono mpingo umenewu umakhululuka zambiri, koma anthu awiri suwaika kutsogolo: wakuba ndi woombeza. A Manasseh, m'mwezi umodzi wokha, anakwanitsa kutchedwa zonse ziwiri.

Tiyambe ndi munthuyo.

Anabadwira m'nyumba ya aphunzitsi ku Henga, m'banja limene tebulo lodyera linalinso desiki yochongerapo mayeso, moti ndiwo zinkanunkha inki yofiira. Bambo awo anali ahedi. Mayi awo, a Isabella, anaphunzitsa masamu zaka 34, ndipo aliyense wosakwana zaka makumi asanu m'chigwa chonsecho amawatcha Madamu, n'kuwongola msana akamawatchula. Lamulo la Madamu linali limodzi: yankho lako lifanane ndi la m'buku. Likasiyana, wolakwa ndiwe. Buku sililakwa, linasindikizidwa. Ana a ku Henga anamwa lamulo limeneli pamodzi ndi phala, ndipo likadali m'magazi mwawo ngati malungo osamaliza mankhwala.

Manasseh ndiye analimwa mopitirira muyezo. Mwanayu sankapirira chinthu chimene lero chatuluka chonchi, mawa n'kutuluka mwina. Ankawerenga mapazi kuchokera kunyumba kukafika ku tchalitchi, ndipo akapeza 412 pomwe sabata yatha anapeza 409, ankabwerera kukayambiranso, mapemphero ali mkati. Mpaka lero, ndi imvi zomwe, mwendo wawo wamanja sukhala chete. Akakhala pa benchi, onse a pa benchiyo amanjenjemera nawo, ndipo alendo amafunsa monong'ona ngati Rumphi imachita zivomezi Lamulungu lililonse.

Ntchito yawo yoyamba inali ku Chelinda, kumalo osungirako nyama zakutchire kumapiri, kuthandiza kulemba chiwerengero cha nyama. Anakhalako miyezi isanu ndi iwiri. Kuzizira sikunawavute. Chinawavuta ndi mbidzi. Lolemba unkazipeza 63 pa phiri, Lachiwiri 58, Lachitatu 71, ndipo panalibe mbidzi ngakhale imodzi yooneka kuti ikudandaula nazo. Anatsika phirilo ataonda ngati nsungwi, n'kulumbira kuti sadzagwiranso ntchito ndi chinthu chokhala ndi miyendo. Anapita ku Mzuzu kukaphunzira makompyuta, ndipo kumeneko anapeza bwenzi la pamtima: makina amene ukawafunsa funso limodzi kakhumi, amayankha chimodzimodzi kakhumi, osanena kuti mutu ukuwawa. Anakwatira a Nelly, anamwino, ana a kwa Msiska. Akuti a Nelly anawalola chifukwa anafunsira katatu ndi mawu omwewo osasintha ngakhale limodzi, ndipo iwo anaona kuti munthu wotere alibe nzeru zonamira.

Chilema chawo china n'choti sadziwa kuyankha mwachidule. Ukawafunsa nthawi, amayamba ndi mmene wotchi imagwirira ntchito. Ana awo anasiya kalekale kuwafunsa homuweki, amati bola kulakwa n'kukakwapulidwa, zimatha msanga. Pa ukwati wa mlongo wawo anapatsidwa mwayi wongothokoza ophika, ndipo mpunga unazizira, unatenthetsedwa, unaziziranso.

Zaka zinayi zapitazo analowa ntchito ku bungwe lina lothandiza alimi, dzina lake tilisiye. Bungweli limaika alimi m'magulu, gulu lililonse mabanja 60 ndendende, pomwe katundu wobwera amakwanira mabanja asanu okha. Kale ankachita maere ndi timapepala m'chipewa, koma chipewa chili ndi mbiri yoipa: chimadziwa abale a mwini wake. Ndiye bungwe linabweretsa pulogalamu ya pa kompyuta yoti izisankha mwamaere, ndipo a Manasseh anapatsidwa ntchito yolemba kabuku kophunzitsa alangizi kagwiritsidwe kake.

Kabukuko kanali ndi chitsanzo: nawa mabanja ongopeka 60, lembani izi, dinani apa, patuluka manambala asanu. Manambala amene iwo anapeza anawaikanso momwemo. Sabata yomweyo foni inalira. Anali Overton Kumwenda, mlangizi wa ku Kazuni, mmodzi wa ophunzira akale a Madamu.

"Bwana, makina anga ndi owonongeka."

"Akutani?"

"M'buku mwatuluka zina, kwa ine kwatuluka zina. Ndabwereza, zatulukanso zina. Ndabwereza kakhumi ndi kasanu, bwana. Palibe ndi kamodzi komwe."

"Ndi maere amenewo, Overton. Amayenera kusinthasintha."

"Ndiye ine ndidziwa bwanji kuti ndakhoza?"

Funso limeneli linawalasa a Manasseh pamtima penipeni, chifukwa linali funso lawo lomwe kuyambira ali ndi kabudula. Anayenda uku ndi uku mu ofesi mpaka simenti inayamba kuoneka kanjira. Kenako anakumbukira chimene anaphunzira ku Mzuzu.

Kompyuta sichita maere enieni. Ilibe chipewa, ilibe dzanja. Imatenga nambala imodzi yoyambira, akatswiri amaitcha sidi, n'kuichulukitsa, n'kuidula, n'kuipotokola mpaka patatuluka manambala ooneka ngati angogwa okha. Ukapanda kuipatsa nambalayo, imadzitolera yake, ndiye ulendo uliwonse pamatuluka zina. Koma ukaipatsa wekha, imayenda njira yomweyo n'kukafika pomwepo, lero, mawa, ku Rumphi kaya ku Nsanje. Zili ngati bawo: timiyala tikayalidwa mofanana, n'kuyambira pa dzenje lomwelo, dzanja likathera pa dzenje lomwelo, kaya wosewerayo ndi m'busa kaya ndi chidakwa.

A Manasseh anasuzumira pa windo. Lole ya fodya inkadutsa, nambala yake yothera ndi 4417. Analemba mzere umodzi pamwamba pa chitsanzo chija: nambala yoyambira, 4417. Anadina. Panatuluka 3, 14, 22, 41, 58. Anadinanso, zomwezo. Anadina kokwana makumi anayi, ndipo mboni zimanena kuti mwendo uja unaima chete mphindi ziwiri zathunthu, koyamba chibadwire. Kabuku kanasindikizidwanso, ndipo Overton anaimba.

"Bwana, yakhoza. Ndendende. Yewo chomene."

Mawu ake anali ngati a mwana amene wapeza dzina lake pa mndandanda wopita ku sekondale.

Kuti tisawanamizire, a Manasseh anachenjeza. Analemba kuti 4417 ndi ya chitsanzo chokha, yongoonera kuti makina ali bwino, ndipo tsiku la maere enieni pamafunika nambala yatsopano, yotchulidwa ndi anthu eni ake pa msonkhano, n'kuilemba kuti wokayika adzathe kubwereza. Chenjezo labwino chomene. Koma analiika pa tsamba 23, m'ndime yachisanu ndi chinayi ya mutu umene unayamba ndi mbiri ya maere kuchokera nthawi ya makolo, mmene ankagawirana nyama ya uzimba. Palibe mlangizi amene anapitirira mwendo wa gwape.

Chaka chatha bungwe linagawa mbaula ku gulu lina la ku Kazuni. Overton anakopera chitsanzo monga analeredwera, mzere ndi mzere, 4417 ili pamwamba ngati mutu wa kalata. Panatuluka 3, 14, 22, 41, 58. Anayang'ana m'buku, anaona zikufanana, anathokoza Mulungu ndi Madamu. Mabanja asanu ananyamula mbaula, anthu anaomba m'manja. Patapita miyezi inayi kunabwera mbuzi. Mndandanda unali womwewo, chifukwa unalembedwa bwino ndi dzanja lokongola ndipo kuusintha kukanakhala kuuwononga. Mabanja omwe aja anakoka mbuzi. Anthu anaombanso m'manja, koma ngati akuphera udzudzu. Mu Juni chaka chino kunalengezedwa ming'oma ya njuchi, yotchingira minda kuti njovu za ku Vwaza zisamadye chimanga. Apa ndiye panali nkhani, chifukwa mbaula munthu ukhoza kuumba wekha, koma njovu siimva kupepesa. Overton anadina. Palibe amene anaomba m'manja.

Pa nambala 14 panali a Hezron Chavula, asibweni a Nelly, ndiye kuti malume awo enieni, achimwene a mayi awo. A Hezron ndi munthu amene mwayi sunawapatsepo moni chibadwire, ndipo utawapeza katatu sanathe kuunyamula mwakachetechete.

"Mkamwini wathu ali ku makompyuta," ankatero pa msika, akusisita mbuzi. "Ife sitipempha, yayi. Iye amangotikumbukira yekha. Kukwatitsa mwana kwa munthu wophunzira n'kwabwino."

Mawu amenewa anakwera matola n'kufika pa boma tsiku lomwelo. Lachinayi masana mlembi wa seshoni, bwalo la akulu a mpingo, anabweretsa kalata kunyumba kwa a Manasseh: kusanjika manja kwaimitsidwa mpaka nkhani ya ku Kazuni imveke. A Manasseh anaiwerenga katatu, ndipo katatu konse inanena zomwezo, chinthu chimene ulendo uno sichinawatonthoze.

"Munawakondera asibweni?" anafunsa a Nelly, akumanga nsapato.

"Nyamsiska, mkazi wanga, kuti ndikuyankheni bwino ndiyenera kuyamba ndi mmene..."

"A Harawa, anthu makumi anayi akudikira jakisoni wanga. Eya kapena ayi."

"Sindinkadziwa n'komwe kuti ali pa 14."

"Ndiye kauzeni amama, asanamve ku chigayo."

Madamu anali atamva kale, ku chigayo. Anali pakhonde, magalasi pamphuno, zaka 79 zili pamsana koma msanawo uli chilili. Anaitanitsa kabuku kaja ndi cholembera chofiira, n'kuwerenga tsamba ndi tsamba mwana wawo ataima ngati wochedwa ku asembule. Pa dziko lonse la Malawi, iwo okha ndiwo anafika pa tsamba 23.

"Ichi n'chiyani?"

"Chenjezo, amama."

"Chenjezo amalipachika pa chipata, osati kuseri kwa chimbudzi. Bambo ako analalikira zaka makumi atatu, palibe ulaliki wawo unapitirira mphindi makumi awiri. Iwe unatengera ndani?"

"Overton akanangowerenga..."

"Overton ndinamuphunzitsa ine. Yankho lake lafanana ndi la m'buku katatu. Ndikanakhala ndi kope lake pano ndikanamuchongera." Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Suti ija yasokedwa, Manasseh. Julayi wa chaka chamawa ine sindikudziwa ngati ndimuona. Pita ukakonze."

Loweruka a Manasseh anamangirira laputopu pamsana n'kukwera njinga yamoto kupita ku Kazuni, akulu a mpingo awiri akutsatira pambuyo ngati mboni. Fumbi la msewu umenewo linawafikitsa onse atatu ali ofiira ngati njerwa. Gulu lonse linali litasonkhana pabwalo la sukulu, Overton atakhala pambali, buku ali nalo pachifuwa ngati chishango.

Nzeru ya a Manasseh inali yosavuta, ndipo pa pepala inali yabwino. Ankafuna kuonetsa kuti dzanja lawo silinakhudze maerewo, kuti aliyense amene angalembe 4417 apeza zomwezo, kaya amawakonda a Hezron kaya amadana nawo. Analemba manambala asanu pa kapepala n'kupatsa mayi wina wa kutsogolo. Kenako anapempha munthu wodana kwambiri ndi maerewo kuti abwere adine yekha. Anthu onse anatembenukira kwa a Fiskani Mhango, a nambala 15, amene mwayi unawaphonya ndi mzere umodzi katatu konse.

A Fiskani anapukuta chala pa buluku, analemba 4417 mwapang'onopang'ono, n'kudina ngati akuphwanya nsikidzi. Overton anawerenga mokweza zotuluka. Mayi uja anamasula chitenje n'kuwerenga kapepala. Pabwalo panagwa bata loti ukanamva njuchi zomwe zinali zisanabwere.

"Mwaona," anatero a Manasseh, nkhope ikuwala. "Si ine. Ndipo kuti mukhulupirire, onani m'bukumu. Manambala omwewa anasindikizidwa chaka ndi theka chapitacho, mbaula zisanabwere, mbuzi zisanabadwe."

"Chaka ndi theka," inatero nkhalamba ina kumbuyo, ikuvula chipewa. "Mbuzi zisanabadwe."

Akanakhala munthu wina, akanamva mmene mawuwo ananenedwera. A Manasseh anaona ngati ndi chidwi cha ophunzira, ndipo anayamba kufotokoza. Anafotokoza za nambala yoyambira, za bawo, za lole ya fodya, za uzimba ndi mwendo wa gwape. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa mtengo unawathawa, ana anagona, iwo akadali pa ndime yachiwiri. Anthu sankamva mawu. Ankayang'ana mwendo uja ukunjenjemera wokha, n'kumagwedezerana mitu.

Pomaliza maere a ming'oma anachitidwanso monga tsamba 23 limanenera. Anthu anayi anatchula nambala imodzi imodzi, Overton anazilemba pa bolodi, a Fiskani anadinanso. Panatuluka mabanja asanu atsopano, ndipo limodzi linali la nambala 16.

"Makinawa amandiona ine," anatero a Fiskani. "Amangondizungulira ngati chitsa."

A Hezron ndiye anaimirira, anakutumula fumbi pa jekete, n'kunena kuti adziwa tsopano kuti mkamwini akakwiya amatha kufufuta munthu ndi maso okha, ndipo mbuzi yawo akaitsekera m'nyumba.

Akulu a mpingo awiri aja anagwirizana kuti a Harawa si wakuba. Pobwerera anaima pa Bolero kuti amwe madzi, ndipo mmodzi anakokera a Manasseh pambali.

"Ada Harawa, ine za ziwanda sindikhulupirira, mukundidziwa. Koma mwana wanga walemba mayeso a fomu folo. Mungoti pang'ono chabe, tigule nkhuku kapena tisiye?"

Lolemba m'mawa pakhomo pa a Manasseh panali mzere wautali kuposa wa a Nelly ku chipatala. Anyamata obetcha mpira anabwera ndi mapepala awo. Alimi a ku Henga ankafuna kudziwa tsiku labwino lopititsa fodya ku okushoni. Mayi wina ankafuna kudziwa ngati amuna awo a ku Joni adzabwera okha kapena ndi wina. Wina anasiya tambala womanga miyendo pakhonde n'kuthawa. A Manasseh sankakhala pansi. Ankalowa m'nyumba, kutuluka, kuzungulira kuseri, kupezanso ena akudikira pa mpanda. Aliyense anamufotokozera kuyambira pachiyambi, ola lathunthu, ndi chithunzi cha bawo chojambula pa dothi, ndipo aliyense anachoka wokhutira, akunena kuti munthuyu amalankhula m'mafanizo ozama. Mnyamata wina anabetcha 4417 m'njira zisanu ndi imodzi zosiyana, analuza zonse, n'kunena kuti vuto ndi chikhulupiriro chake chochepa.

Kalata yachiwiri ya seshoni inafika Lachitatu. Mlandu wa kuba unali utatha. Tsopano panali wa kuombeza, ndipo Lamulungu lomaliza la Julayi linali litatsala masiku anayi.

Lachisanu abusa anawaitanira ku ofesi. Abusawa ndi munthu wofatsa, wotopa, amene anaika m'manda anthu ambiri ndipo sadabwanso ndi amoyo.

"A Harawa, buku lanu ndaliwerenga mpaka tsamba 6, ndipo ndakhutira kuti simungakhale woombeza. Woombeza amafuna kuti anthu amumve. Koma mpingo wagawikana. Ena akuti muli ndi chiwanda, ena akuti muli ndi mphatso, ndipo onsewo akufuna kukhala kutsogolo Lamulungu. Ndiye seshoni yagamula chonchi. Tisanasanjike manja, mufunsidwa funso limodzi pamaso pa onse. Mukayankha mwachidule, anthu n'kumva, tipitiriza. Mukayamba za bawo, ndiitanitsa kwaya, ndipo nkhani yanu tidzaionanso chaka chamawa."

"Funso lake n'loti chiyani, abusa?"

"Loti, kodi munkawadziwa manambala aja makina asanatulutse."

"Koma ndinkawadziwa."

Abusa anatseka maso kwa kanthawi.

"Simungangonena kuti ayi?"

"Lingakhale bodza. Pa guwa."

"Ndiye ndifunse bwanji?"

"Mufunse kuti, popatsidwa nambala yoyambira yodziwika, ndi mndandanda wa mabanja owerengeka kale, kodi munthu wamba amene anadinapo kale..."

"Kwaya," anatero abusa motsitsa. "Ndikuimva kale kwaya. Pitani, a Harawa. Ine ndikafunafuna funso, inu mukafunefune yankho lalifupi. Wina mwa ife Mulungu amuchitire chifundo."

Loweruka lonse a Manasseh anayeserera. A Nelly anakhala pa mpando ndi wotchi yawo yowerengera kugunda kwa mtima, n'kumafunsa. Yankho loyamba linatenga mphindi 24. Atadula uzimba linatsika kufika pa 15. Atadula lole ya fodya, ndi ululu waukulu, linafika pa 9. Pofika madzulo anali atazungulira nyumba kokwana zana, udzu wa m'mbali utafa, ndipo yankho lalifupitsitsa linali la mphindi zisanu ndi imodzi.

"Ngati ndisiya bawo, sakamvetsa," anatero.

"Sanabwere kudzamvetsa, a Harawa. Odwala anga sindiwafotokozera mmene jakisoni anapangidwira. Ndimangoti tembenukani."

"Koma choonadi chake chonse..."

"Choonadi chonse chili pa tsamba 23, ndipo mwaona kumene chatifikitsa. Kasitireni suti."

Lamulungu tchalitchi linadzaza mpaka m'mawindo. A ku Kazuni anabwera pa lole, a Hezron ali kutsogolo ndi jekete lija, a Fiskani atakhala mpando umodzi kumbuyo kwawo monga mwa chizolowezi. Overton anakhala pafupi ndi chitseko, buku lili m'thumba. Anthu amene anasiya kupemphera nthawi ya chipani chimodzi anapezeka ndi mabuku a nyimbo obwereka. Akwaya anali atauzidwa kale. Anakhala m'mphepete mwa mabenchi, mpweya uli m'chifuwa, wotsogolera atayang'ana dzanja lamanzere la abusa.

Ulaliki utatha, a Manasseh anaitanidwa kutsogolo. Suti inawakhala bwino, koma mwendo wa buluku wakumanja unkakupiza ngati mbendera. Akulu a mpingo anaima mozungulira, manja ali okonzeka koma ali m'mbali. Abusa anatulutsa kapepala, anakayang'ana, anakatembenuza. Panali mafunso anayi, onse ofufutidwa.

"A Harawa," anayamba. "Mpingo ukufuna kudziwa ngati... ndiye kuti, pa nkhani ya manambala aja, kaya inuyo..."

Kumbali ya amayi kunamveka ndodo ikugunda simenti. Madamu anaimirira mu yunifolomu yawo yoyera ya Umanyano, chigwirizano cha amayi a mpingo, ndipo theka la tchalitchi linawongola msana mosadziwa.

"Abusa, pepani. Mwanayu ndimufunse ine. Ndikudziwa mmene amafunsidwira."

Abusa anapinda kapepala kawo mofulumira ngati munthu amene walanditsidwa. Anakweza dzanja lamanja pamwamba pa mutu wa a Manasseh, lamanzere analozetsa kwa akwaya, n'kudikira kuti aone lotsika ndi liti.

Madamu sanapite kutsogolo. Anaika magalasi pamphuno n'kulankhula ndi mawu amene kale ankafika ku kalasi yachitatu kudutsa makoma awiri.

"Manasseh Harawa. Funso limodzi, malikisi amodzi. Osaonetsa njira. Kodi iwe umaona za mawa?"

A Manasseh anatsegula pakamwa. Anthu a kutsogolo amalumbira kuti anaona bawo lonse likukwera pakhosi pawo, ndi timiyala take, lole ya fodya ikutsatira pambuyo.

"Kuti ndi..." anatero.

Wotsogolera kwaya anakweza dzanja. Akwaya makumi atatu anakoka mpweya. A Nelly anayang'ana wotchi. Madamu anangopendeketsa mutu n'kuwayang'ana pamwamba pa magalasi.

A Manasseh anameza. Bawo lija linatsika movutikira, ndipo anagwira bondo lamanja ndi dzanja kuti likhale chete. Kenako ananena mokweza, mpaka a m'mawindo anamva:

"Ayi, amama. Sindiona za mawa."